Mafunso a Owerenga: Kuwedza m'mbali mwa nyanja yamchere ndi nyambo zopanga

Makalata a mwezi uno achokera kwa abale amene akukhala m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja ku South Africa ndi ku Mozambique, ndi ena amene akukonza ulendo wa ku gombe la Mozambique. Onse akufunsa za kuwedza popanda nyambo yeniyeni: tizitsulo tonyezimira totchedwa supuni, tinsomba ta pulasitiki, ndi nyambo za nthenga ndi ubweya zimene amati fly. Mayina a nsomba tawalemba monga mmene mukawamvere pagombe komanso mmene alili pa pepala la malamulo.

Ndinakulira ku Nkhotakota ndipo mbedza ndimaidziwa. Kuno ku Durban ndimaona anthu akukola nsomba yotchedwa shad ndi supuni yopanda nyambo iliyonse. Ndinagula yanga, ndipo Loweruka lililonse masana ndimaponya mpaka phewa kuwawa, koma ngakhale kujompha kokha ayi. Kodi pali mankhwala amene anzangawa amapaka? Wowerenga wa ku Isipingo

Mankhwala palibe, achimwene. Chikukuphonyetsani chili m'kalata yanu momwemo: mumapita masana, ndipo tsiku mumasankha poyang'ana ntchito, osati madzi. Nyanja ya kwathu imakwera ndi kutsika pa chaka, kutsata mvula. Yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kuchokera pamene yadzaza kufika podzazanso pamapita maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, choncho mawa idzadzaza mochedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Pakatha sabata, ola limene inali yodzaza imakhala itaphwa. Ndiye kuti Loweruka lililonse mwakhala mukuwedza m'madzi osiyana ngakhale mumaima pamalo amodzimodzi.

Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. Ku Durban kusiyana kwake kumayandikira mamita 2, ndipo masiku amenewo nyanja imaphwa cha m'ma 10 koloko m'mawa n'kudzaza cha m'ma 4 koloko madzulo ndi m'bandakucha. Tebulo la nthawi zimenezi limapezeka m'masitolo a zipangizo zowedzera ndi pa intaneti. Likhale m'foni mwanu.

Shad imasaka kukamacha ndi kukamada, ndipo ku KwaZulu-Natal imachuluka nyengo yozizira. Fikani pagombe kusanawale. Dzuwa likatuluka n'kutha ola limodzi kapena awiri, nthawi zambiri zake zimakhala zatha. Mukaona pa tebulo kuti m'bandakucha wakumana ndi madzi odzaza, limenelo ndi tsiku losagonera.

Koma musanaponyenso, tsiku lina mupite opanda ndodo, madzi ataphweratu, mukaime pamalo okwera. Pamene mafunde akuswekera n'kusiya thovu loyera ndi posaya, pali mulu wa mchenga pansi. Pamene madzi ali obiriwira modera ndipo funde likungodutsa osasweka, pali ngalande kapena dzenje. Tinsomba tating'ono timakankhidwa ndi thovu kuchoka pamchenga kugwera m'ngalandemo titasokonezeka, ndipo nsomba zolusa zimadikira m'malire momwemo, pamene zoyera zikukumana ndi zobiriwira. Supuni yanu izidutsa pamenepo. Mukaona mpata pakati pa milu iwiri ya mchenga, madzi akutuluka mothamanga kupita kwakuya, ponyani m'mbali mwake koma musalowemo. Madzi amenewo amakoka munthu, ngakhale wodziwa kusambira.

Supuni ya shad ndi yopindika ngati chilembo cha S, ya magalamu 20 mpaka 40. Ndodo ya mafiti 9 mpaka 11, reel (chopukusira chingwe) ya saizi 4000 kapena 5000 ndi chingwe cholukidwa cha braid chopirira kulemera kwa mapaundi 20 ndi zokwanira. Mukaponya, werengani mpaka 3, kenako pukusani pang'onopang'ono mpaka mumve kunsonga kwa ndodo kukugunda mwakayakaya. Kugundako ndiye kuti supuni ikugwedezeka uku ndi uku ngati kansomba kovulala. Kukasiya, mwathamanga: supuni yayamba kungozungulira, shad siifuna, ndipo chingwe chikupotana. Mukaponya kasanu osamva kanthu, werengani mpaka 6, kenako mpaka 10, kuti mufufuze pansi. Zikakanikabe, sunthani mapazi 50. Nyambo yeniyeni imaitana nsomba ndi fungo, ndiye mukhoza kukhala pansi n'kudikira. Supuni siinunkha, muyenera kuipititsa kumene kuli nsomba.

Shad ikagwira musakoke ndodo mwamphamvu. Pitirizani kupukusa, chingwe chisakhwepe ngakhale pang'ono, chifukwa shad imapukusa mutu pamwamba pa madzi ndipo kulemera kwa supuni kumazula mbedza. Ife timakonda kuchotsa mbedza ya mano atatu n'kuikapo imodzi ya 3/0 kapena 4/0. Imagwira bwino ndipo siivuta kuchotsa mumdima.

Za malamulo musazitenge mopepuka. Aliyense wowedza m'nyanja ku South Africa ayenera kukhala ndi chiphaso, malinga ndi lamulo la Marine Living Resources Act la 1998, ndipo nsomba zogwidwa ndi chiphaso chimenechi sizigulitsidwa. Shad ndi zinayi pa tsiku, iliyonse yosachepera masentimita 30 kuchokera kukamwa mpaka kumapeto kwa mchira, ndipo kuyambira pa 1 October mpaka pa 30 November siiwedzedwa n'komwe. Mukamatenga chiphaso mutengenso pepala la chaka chimenecho, chifukwa manambalawa boma limatha kuwasintha.

Supuni zanga ziwiri zapita, chingwe chitadulidwa ngati ndi lezala. Ndiike waya? Wowerenga wa ku Richards Bay

Zimatengera nsomba imene mukufuna. Shad, barracuda, couta ndi Natal snoek zili ndi mano odula. Kingfish, garrick, springer, kob ndi grunter sizidula ndi mano, ndipo m'madzi oyera waya amaziopseza. Pa supuni yaitali mano amagwera pachitsulo, choncho ambiri saika waya, amangoika nayiloni yokhuthala ya mapaundi 40, yotalika mita imodzi. Ngati mukudulidwabe, ikani waya wa masentimita 5 mpaka 10, osapitirira pamenepo. Onaninso swivel yanu (kachitsulo kozungulira kolumikizira chingwe). Ikakhala yonyezimira, nsomba ina imailuma pamene inzake ikulimbana ndi supuni, chingwe n'kuduka. Gulani yakuda, yaying'ono. Ndipo mukachotsa nsomba iliyonse, yendetsani zala pachingwe cha kumapeto. Mukamva pokhakhala, dulani mumangenso.

Ndimawedza trout ku Zomba ndi ndodo ya fly ya 5-weight. Banja lathu likupita ku Inhassoro, ku Mozambique. Kodi zipangizo zangazi zikagwira ntchito? Nanga ndimange fly zotani? Wowerenga wa ku Zomba

Ndodoyo isiyeni kunyumba, bambo, kapena muitenge yongoseweretsa tinsomba ta m'mbali madzi akakhala bata. Chimene chingaigonjetse choyamba si nsomba koma mphepo. Fly ya m'nyanja ndi yaikulu, ili ndi maso achitsulo, ndipo chingwe cha 5-weight chilibe kulemera kokwanira kuinyamula mphepo ikuwomba kumaso. Ndodo imodzi yochita zambiri ndi 9-weight ya mafiti 9 (nambala ya weight ikakula, ndodo imakhala yamphamvu ndipo chingwe chake cholemera). Imeneyi ikukwanirani pa kingfish zapakatikati, queenfish, springer, pompano ndi bonefish. Giant kingfish, imene ambiri amangoti GT, ndi nkhani ina: imafuna 12-weight, chingwe chapansi (chokhala pansi pa chingwe cha fly pa reel) cha mamita 300 ndi leader (chingwe cha kumapeto chomangirapo fly) ya mapaundi 100 kapena kupitirira. Ulendo woyamba musaiyambe.

Reel ya trout imangosunga chingwe. Ya m'nyanja imagwira ntchito, chifukwa kingfish ya makilogalamu atatu imatha kukutengerani chingwe chonse cha fly n'kulowa m'chapansi musanaganize chochita. Mufune yokhala ndi buleki (chogwira chingwe nsomba ikamakoka) yotsekedwa kuti mchere ndi mchenga zisalowe, yonyamula mamita 200 a chingwe chapansi cha mapaundi 30. Chingwe cha fly chikhale cha intermediate, chomira pang'onopang'ono, chifukwa choyandama chimatengedwa ndi funde lililonse ndipo simumva nsomba ikagwira. Muonetsetse kuti pabokosi alemba kuti ndi cha madzi otentha. Cha ku Zomba chinapangidwira madzi ozizira. Padzuwa la Inhassoro chimafewa, chimamata, n'kumangopiringizana.

Leader musaivutikire. Mita imodzi ya nayiloni ya mapaundi 40, kulumikiza mita imodzi ya fluorocarbon (chingwe chosaoneka kwambiri m'madzi) ya mapaundi 20, basi. Pa bonefish ndi pompano m'madzi oyera, talikitsani ifike mamita atatu ndipo kumapeto kukhale kwa mapaundi 12 mpaka 15. Fly muimange ndi mfundo yosiya kalupu, imene amati non-slip loop, kuti izigwedezeka momasuka.

Chinthu chimene owedza trout ambiri amachinyoza n'kudzachifuna tsiku loyamba ndi dengu la chingwe. Mukamakoka chingwe n'kumachigwetsera pansi, funde limachikulunga m'miyendo kapena kuchikoletsa m'miyala. Tengani kabeseni kapulasitiki kamakona anayi, kakuya masentimita 12 mpaka 15. Boolani mabowo awiri mbali imodzi mulowetse lamba wa m'chiuno. Pansi pake boolani timabowo mulowetse ma cable tie asanu ndi limodzi, ayime chilili masentimita 8, kuti chingwe chisamasakanikirane. Ngati mukaima m'mafunde, boolaninso mabowo akuluakulu otulutsa madzi.

Pa fly, ngati mungamange mtundu umodzi wokha, mangani Clouser Minnow, imene anayambitsa Bob Clouser ku America. Tengani mbedza yosachita dzimbiri ya saizi 2 mpaka 1/0. Mangani maso achitsulo pamsana pa mbedza, mutasiya gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera ku diso la mbedza, ulusi ukudutsana mopingasa, n'kudontheza guluu. Pambali yomweyo mangani kamtolo ka ubweya woyera wa bucktail (wa kumchira kwa gwape), kutsogolo ndi kumbuyo kwa masowo. Tembenuzani mbedza kuti nsonga iloze kumwamba, ikani tiulusi tonyezimira 6 kapena 8, pamwamba pake ubweya wobiriwira mowala, ndipo izi muzimange kutsogolo kwa maso kokha. Utali wonse ukhale masentimita 7 kapena 8. Kulemera kwa maso kumaitembenuza m'madzi, nsonga ya mbedza n'kuyang'ana kumwamba, choncho siikola pansi, ndipo mukasiya kukoka imagwa chamutu ngati kansomba kothawira mumchenga. Cholakwa cha ambiri ndi kuchulutsa ubweya. Kamtolo kakhale kochepa moti muziona kuwala kudutsamo. Yonenepa siimira msanga ndipo imaoneka ngati burashi. Onjezani mitundu ina ya fly: Lefty's Deceiver zingapo zoyera, Crazy Charlie za saizi 4 ndi 6 za pamchenga, ndi popper (nyambo zoyandama zochita phokoso pamadzi) ziwiri za m'mawa.

Tsopano chizolowezi chimene muyenera kuchisiya pa Zomba. Trout ikagwira mumakweza ndodo. M'nyanja mukatero mwaitaya, chifukwa nsonga ya ndodo ndi yofewa ndipo siingalowetse mbedza yaikulu m'kamwa molimba. Lozetsani ndodo kumene kuli fly, nsonga ili pafupi ndi madzi, ndipo nsomba ikagwira kokani chingwe ndi dzanja lamanzere kamodzi, motalika, mwamphamvu. Mukamva kulemera m'pamene mukweze ndodo, n'kulola chingwe cha m'dengu chituluke pakati pa zala mpaka chifike pa reel. Musachikulunge pachala. Kingfish imafuna fly yothamanga kwambiri; panani ndodo m'khwapa muzikoka ndi manja onse awiri, ndipo ikamatsatira musachepetse liwiro, chifukwa kansomba kenikeni sikadikira mdani.

Mphepo ikamachokera mbali ya dzanja loponyera, fly imabwera kumutu kwanu. Tembenukani, mufulatire nyanja, muponye chakumbuyo. Magalasi a polarised, ochepetsa kunyezimira kwa madzi, asachoke kumaso, ndipo kaminga ka pa mbedza mukaphwanye ndi pulayala.

Ku gombe limenelo madzi amakwera ndi kutsika pafupifupi mamita 4 pa masiku a mwezi wathunthu, ndipo ku Beira amapitirira mamita 6. Pa maola asanu ndi limodzi amene nyanja imadzaza, theka la madzi onse limabwera pa ola lachitatu ndi lachinayi. Mukayenda kutali pamchenga madzi ataphwa, ngalande imene munawoloka ili m'mawondo imadzaza kumbuyo kwanu inu mukuyang'ana kutsogolo. Muziyamba kubwerera madzi asanafike pa ola lachiwiri. Chiphaso chowedzera chimafunikanso ku Mozambique, ndipo zilumba za Bazaruto ndi Santa Carolina zili m'paki yotetezedwa, imene inakhazikitsidwa mu 1971, yokhala ndi malamulo ake ndi malo oletsedwa. Funsani kumene mukagone musananyowetse chingwe.

Braid yanga imapanga mfundo yokha ndikamaponya, ndipo ndadula kale pafupifupi theka. Kodi anandigulitsa yachinyengo? Wowerenga wa ku East London

Mwina ayi. Braid ilibe kuuma kwa nayiloni, ndiye ikakulungidwa mokhwepa pa spool (pokulungira chingwe pa reel), kalupu kamodzi kamatsala chotukuka. Mukaponyanso mwamphamvu, kalupuko kamakoka mizere ingapo ya pansi pake nthawi imodzi, zonse n'kukamangana pa mphete yoyamba ya ndodo.

Kukhwepako kumachokera pa zinthu zodziwika. Spool ikadzaza mpaka m'milomo, chingwe chimatuluka chambirimbiri. Siyani mamilimita awiri kapena atatu. Mukaponya, kawaya kotsekera mukatseke ndi dzanja, osati popukusa chogwirira, kenako kokani chingwe pang'ono chikhale pa kagudumu kake musanayambe kupukusa. Nyambo ikatsala pang'ono kugwa m'madzi, gwirani m'mphepete mwa spool ndi chala kuti chingwe chisapitirire kutuluka mphepo itachinyamula. Nyambo zopepuka ndi zimene mumazigwedeza n'kuimitsa, monga popper, zimabweza chingwe chokhwepa. Pakatha kuponya 10 kapena 15, ponyani kutali mubweze chingwe chikudutsa pakati pa zala ziwiri. Ndiponso musapukuse pamene nsomba ikutulutsa chingwe pa buleki, chifukwa kupukusa kulikonse kumachipota.

Mfundo ikachitika musakoke. Inyowetseni, mutenge nsonga ya mbedza muzitukula timalupu kamodzikamodzi. Zambiri zimamasuka ngati sizinakokedwe. Polumikiza braid ndi leader, mfundo ya FG ndiyo yopyapyala yodutsa bwino m'mphete. Ngati simunaiphunzire, double uni imagwira, koma mbali ya braid muzungulize kasanu ndi katatu, ya nayiloni kanayi kapena kasanu, ndipo mfundoyo izikhala kunja kwa mphete poponya.

Mumtsinje wa Swartkops ndimaona michira ya nsomba itatulukira pamwamba pa madzi osaya. Amati ndi grunter. Ndaponya chilichonse chimene ndili nacho, zimangothawa. Mayi wa ku Gqeberha

Mayi, musadzione ngati wolephera. Spotted grunter imasowetsa mtendere ngakhale akatswiri a fly. Chimene mukuonacho ndi kudya. M'matope a m'mathiriro a mitsinje mumakhala tizilombo tonga nkhanu zazing'ono, timene amati mud prawn, m'mauna okhala ndi makomo awiri. Grunter imaimika mutu pansi, imapopera madzi pakhomo limodzi, kachilomboko n'kutulukira khomo linalo. Mchira umatuluka pamwamba chifukwa madzi ndi osaya, ndipo pansi pamaoneka kamtambo ka matope. Nsomba imene ikuchita zimenezi ikufuna chinthu chimodzi chokha, ndipo supuni kapena kansomba kothamanga kwa iyo ndi chiopsezo.

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi fly yomira yofanana ndi prawn, ya mtundu wa matope a pamalopo. Dikirani mchira utuluke, chifukwa nthawi imeneyo mutu uli m'matope ndipo siikuonani. Ikani fly pa mtunda wa theka la mita kuchokera pa kamtamboko, mbali imene madzi akupita, n'kuisiya. Mukaikoka, ikhale kamodzi, pang'onopang'ono, masentimita 10. Yachiwiri ndi fly yoyandama ya ubweya wa gwape (deer hair) yometedwa ngati prawn yosambira pamwamba. Iponyeni chopingasa, madzi aziyenda nayo, inu muzingochotsa kukhwepa kwa chingwe. Grunter imaitsatira, nthawi zina imaigunda ndi mphuno kangapo. Musakoke mpaka mumve kulemera. Ngati mulibe ndodo ya fly, kanyambo koyandama ka masentimita 7 mpaka 10 koyenda mokhotakhota pamwamba kamagwiranso, bola mukayendetse mwaulesi n'kumakaimitsa masekondi atatu kapena asanu.

Ndodo ya 7 kapena 8-weight, chingwe choyandama, leader ya mamita atatu ndi theka yothera pa fluorocarbon ya mapaundi 8 mpaka 10. Fikani madzi ataphwa muone pamene pali mauna ambiri, muime pamenepo madzi akamabwera, nsomba zikupezeni. Mukamayendayenda m'madzi mumatumiza timafunde kutsogolo ndipo zimadziwa musanafike. Kamphepo kogwedeza pamwamba ndi mitambo zimakubisani; tsiku la bata ndi dzuwa ndiye lovuta kwambiri. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukaigwira samalani ndi chivundikiro cha mopumira mwake, m'mphepete mwake ndi mwakuthwa ndipo mumacheka dzanja. Yotenga ikhale yosachepera masentimita 40, ndipo malire ndi zisanu pa tsiku.

Reel yanga yatha miyezi inayi yokha koma ikulira ndipo chogwirira chikulimba. Ndimaitsuka ndi paipi ndikangofika kunyumba. Wowerenga wa ku Cape Town

Paipiyo ndi imene yaipha. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Madzi akauma mcherewo umatsala, umakoka chinyezi, ndipo pamene zitsulo ziwiri zosiyana zakhudzana, monga sikuluwu yachitsulo m'thupi la aluminiyamu, pamayamba kudyeka. Madzi a paipi othamanga amakankhira mchere ndi mchenga m'kati, m'mabering'i, kumene sukanafika wokha. Kuiviika m'ndowa n'chimodzimodzi.

Mangani buleki kaye kuti madzi asalowe. Thirani madzi ofunda pang'ono, odontha mofatsa, kapena pukutani ndi kansalu konyowa. Igwedezeni, ipukuteni, iume pamthunzi. Ikauma masulani buleki, chifukwa ikakhala yomanga masiku ambiri timawashala take timaphwatalala ndipo imayamba kugwira modukiza. Dontho limodzi la mafuta a reel pa kagudumu kodutsa chingwe ndi pa chogwirira, pakatha maulendo atatu kapena anayi. Mafuta opopera ochotsa dzimbiri musawalowetse m'kati, amasungunula girisi. Kagudumu kameneka ndi kamene kamayamba kufa. Kakaima, kamadya chingwe ndi kuchipota. Ndodo nayonso itsukeni, makamaka mapazi a mphete, ndipo nyambo zimene zalowa m'madzi musazibwezere m'bokosi la zouma musanazitsuke. Yanuyo pamene yafikapa ipititseni kwa okonza asinthe mabering'i magiya asanadyeke. Ndipo reel isagone pamchenga, ngakhale kwa mphindi imodzi.

Ndikufuna nsomba ya kob ndi tinsomba ta pulasitiki ta mchira wopalasa, totchedwa paddle tail, koma timabwerera topanda mchira. N'chiyani chikudya? Wowerenga wa ku Port Shepstone

Yang'anani podukapo. Pakadulidwa mowongoka ndi shad. Pakakhala tizibowo tozungulira ngati pajomphedwa ndi blaasop, kansomba kofufuma kaja. Zikachuluka sunthani, palibe nzeru ina. Ndipo blaasop musadye, musapatse mphaka kapena galu: ili ndi poizoni wakupha amene satha ngakhale muiphike.

Kob imasaka pansi, kwambiri mumdima ndi m'madzi ofiirira, ndipo imamva kugwedezeka kwa nyambo ndi mzere wa m'mbali mwa thupi lake isanaione. N'chifukwa chake paddle tail ya masentimita 10 mpaka 15 imagwira ntchito. Chinsinsi chili pa kulemera kwa mutu wa mtovu. Sankhani wopepuka kwambiri umene ungafikebe pansi: magalamu 7 mpaka 14 mumtsinje, 28 mpaka 42 m'mafunde. Wolemera kwambiri umagwa ngati mwala ndipo mchira susewera. Wopepuka kwambiri umadutsa pamwamba pa nsomba. Lowetsani mbedza pakati penipeni kuti kansombako kakhale kowongoka, chifukwa kokhota kamazungulira. Dontho la supagulu pamutu limakaletsa kutsetsereka.

Ponyani, dikirani chingwe chikhwepe kusonyeza kuti yafika pansi, kwezani ndodo pang'onopang'ono theka la mita, n'kuitsitsa chingwe chili chokoka. Kob imagwira nyambo ikamagwa, ndipo mumangomva kugogoda kamodzi kapena kulemera ngati mwakola thumba. Pamenepo kokani. Musasakanize mapulasitiki a mitundu yosiyana m'bokosi limodzi. Ena, monga a Z-Man, amasungunuka akakhudzana ndi anzawo, choncho azikhala m'mapaketi awo.

Dusky kob yowedzedwa pagombe kapena mumtsinje kum'mawa kwa Cape Agulhas ndi imodzi pa tsiku, yosachepera masentimita 60. Koma nsombayi imayamba kuswana itayandikira mita imodzi, ndipo yachepa kwambiri, choncho ife timati ya masentimita 60 ija, ngakhale lamulo likulola, ndi mwana. Poibweza, nyowetsani manja, musaigoneke pamchenga wouma, musalowetse zala mopumira, ndipo isathe theka la mphindi ili kunja kwa madzi. Mukaona kachingwe kapulasitiki kachikasu pafupi ndi chipsepse cha pamsana, ndi chizindikiro cha bungwe la Oceanographic Research Institute la ku Durban, limene lakhala likuika zizindikirozi kuyambira mu 1984. Lembani nambala, utali wa nsomba, tsiku ndi malo, muwatumizire.

Mwana wanga wa zaka 14 amakonda kulowa m'madzi osaya poponya. Ndimaopa shaki. Ndimuletse? Mayi wa ku Maputo

Musamuletse, mayi, mumugulire nsapato. M'madzi ofika m'mawondo, chimene chimavulaza anthu kawirikawiri si shaki koma zimene amaponda. Stingray, nsomba yophwatalala, imadzikwirira mumchenga, ndipo ikapondedwa imamenya ndi munga wa kumchira. Aziyenda mokhwekhwereza mapazi, osawanyamula. Ikakhudzidwa m'mbali imathawa. Pamiyala ya korali pamakhala stonefish yooneka ngati mwala, ndi tizilombo taminga takuda ta urchin, ndiye pamafunika nsapato ya pansi pokhuthala, osati patapata. Zigoba zokongola zosongoka ngati chitsekerero asatole ndi manja, zina zimabaya. Asamangirire nsomba zakufa m'chiuno, asalowe m'mathiriro a mtsinje madzi ali akuda kapena kukuda, ndipo pamiyala asafulatire nyanja. Mukadzapita chakumwera, ku St Lucia, m'madzi musalowe n'komwe: muli ng'ona ndi mvuu.

Akabayidwa ndi stingray kapena stonefish, mutulutseni m'madzi, tsukani bala, letsani magazi, kenako viikani phazi m'madzi otentha amene dzanja lanu lingapirire, madigiri 40 mpaka 45, kwa mphindi 30 mpaka 90, mukuwonjezera otentha akamazizira. Kutenthako kumachepetsa ululu. Yesani madziwo ndi dzanja lanu, chifukwa iye sangamve kuti akupsa. Musamange mwendo ndi chingwe, musacheke bala. Munga ukalowa pamimba, pachifuwa kapena pakhosi musauzule. Mupite naye kuchipatala ngakhale ululu utachepa, akaone ngati mwatsala zidutswa za munga ndiponso akamubaye jakisoni wa kafumbata.